Mtundu Umene Sitinasankhe

Ku Chidzolomondo anthu saloweza nambala ya galimoto. Galimoto imadziwika ndi mtundu wake, kaliridwe ka injini yake ikamakwera chitunda, ndi mudzi umene imagona. Mayi amene waunjika matumba a nyemba m'mphepete mwa msewu wa ku Furancungo saimitsa iliyonse imene yadutsa. Akudikira Kanta ya buluu, poti dalaivala wake amalola kuti ya matola alipire pobwera, akagulitsa. Ikangooneka patali m'kati mwa fumbi, iye wayamba kale kukalipira ana kuti asendeze katundu kumsewu. Matenda akakula usiku, mwana wotumidwa kukafuna galimoto samuuza n'komwe dzina la mwini wake. Amangoti thamanga kwa yoyera ija ya galasi long'aluka, ndipo mwanayo amadziwa khomo loti akagogode.

Komatu mitundu imeneyi palibe mmodzi mwa eni akewo amene anaisankha. Pafupifupi galimoto zonse za kuno zinayamba zatumikira anthu ena, zambiri ku Japan, zina ku Joni. Munthu amaona chithunzi pa foni, kwa Be Forward kapena kwa SBT, kapena amatsikira ku Tete kukazungulira pamalo ogulitsira. Chimene amafunsa ndi mtengo, makilomita amene yayenda, ndiponso ngati zitsulo zake zimapezeka. Mtundu amangoulandira. Anausankha ndi munthu wa ku Nagoya kapena ku Osaka zaka khumi ndi kuposa zapitazo, ndipo anthu a kumeneko amakonda zoyera, zasiliva ndi zakuda. Malole ena amafika zilembo za Chijapani zikadali pachitseko, dzina la kampani ya munthu amene sitidzamuona, ndipo amasenza mabelo a fodya mpaka kutha popanda wodziwa kuti zilembozo zikuti chiyani.

Sitinadandaulepo nazo, chifukwa galimoto yeniyeniyo ndi mlendo wadzulodzuloli. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo misewu ya ku Macanga inamera tchire, ndipo ambiri a ife tinali kutsidya, ku Malawi, kumene othawa nkhondo a ku Mozambique anafika pa miliyoni. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu n'kubwerera wapansi, katundu ali pamutu. Inayamba kubwera ndi njinga yakapalasa. Mota, njinga zamoto zija, ndi galimoto zinadza ndi fodya, makamaka kampani ya Mozambique Leaf Tobacco itayamba kupereka feteleza ndi mbewu pa ngongole n'kutsegula fakitale yake ku Tete mu 2006. Mbali ya ku Tsangano ndalama inachokera m'mbatata ya kachewere ndi tirigu. M'badwo wanga ukaona galimoto unkafunsa funso limodzi lokha: kodi ikuyenda?

Mwana wa mlongo wanga ndi wa m'badwo wina. Anabadwa mfuti zitaleka kulira, amagula mbatata ku Tsangano n'kukagulitsa ku Tete ndi ku Moatize, ndipo chaka china ndalama ya mbatatayo itakumana ndi ya fodya wa mayi ake anagula Hilux yakale yoyera. Sipanapite nthawi anatulukira kwathu madzulo, foni ili m'manja.

"Amalume, ndati muone ichi musanamve kwa ena. Ndikufuna kuisintha mtundu, koma osati kupenta ayi."

Anandionetsa kanema wa pa Facebook. Anyamata awiri ovala magolovesi akuyala chinsalu chakuda chosawala pa galimoto yofiira, akuchisisita, akuchiuzira mpweya wotentha, mpaka kufiira konse kunazimirira. Mayi ake atamva anangoti chikomekome cha mkuyu, n'kupitiriza kusankha nyemba zawo. Koma kwathu mwana wa mlongo akabwera ndi nkhani ya chuma, malume sayankha ndi mwambi. Amavala nsapato n'kupita kukaona.

Chinthucho si chachilendo kwenikweni, kungoti tinkachiona osachifunsa dzina. Galimoto zofiira za Vodacom ndi za mtundu wa lalanje za Movitel, zimene zimabwera ndi zimkuzamawu pa tsiku la msika, kawirikawiri pansi pake zimakhala zoyera. Pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 tinaona galimoto zitavala nkhope za opikisana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo patapita miyezi zina mwa zomwezo zinabwerera ku ntchito zawo zili mbee, nkhope zitasendedwa. Zonsezi ndi pulasitiki womata amene amisiri amamutcha vinilu. Chatsopano n'chakuti munthu wamba wayamba kumufuna ndi ndalama ya m'thumba mwake, popanda malonda oti alengeze.

Amisiri ake ali ku Tete, ndipo ntchito imene imawadyetsa si yokongoletsa. Chitsegulire migodi ikuluikulu ya malasha ku Moatize, kumene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011 n'kudzagulitsa kwa Vulcan mu 2022, galimoto za makampani zimafuna manambala akuluakulu pazitseko, mizere yonyezimira usiku ndi zizindikiro za eni ake. Osindikiza zikwangwani ndiwo anaphunzira kumata. Amene tinampeza ife, bambo wachikulire wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi, anatitulutsira mipukutu. Uliwonse ndi wa mamita 1.52 m'lifupi, kuti boneti kapena denga likwanidwe ndi chidutswa chimodzi popanda msoko, ndipo galimoto yaing'ono imadya mamita 15 mpaka 18 m'litali. Kuchindikala kwake kuli pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Anatiuza kuti alipo wa mitundu iwiri. Wina amapangidwa pothira PVC yamadzimadzi pa pepala n'kuiumitsa mu uvuni, ndipo ameneyu amamvera popindika paliponse n'kukhala pomwepo. Winayo amapangidwa pokanikiza PVC yotentha pakati pa zitsulo zogudubuzika mpaka itapyapyala. Ndi wotsika mtengo, koma poti anachita kukokedwa, dzuwa likamuwomba amabwerera m'mbuyo n'kusiya mzere wakuda wa guluu m'mphepete. Mayina odalirika ndi 3M ndi Avery Dennison a ku America, Orafol wa ku Germany ndi Hexis wa ku France, ndiye palinso mipukutu yopanda dzina. Tsiku loyamba, kwa munthu ngati ine, yonse imaoneka chimodzimodzi.

Ndinakhala pa chitini cha penti kuonerera akumata chitseko cha galimoto ya kampani ina, ndipo chinandidabwitsa ndi kuchepa kwa nthawi yomata poyerekeza ndi yotsuka. Amayamba achotsa zogwirira zitseko, magetsi ndi zilembo za ku fakitale. Amatsuka ndi sopo, n'kupukuta ndi sipiriti wa isopropyl kuti mafuta ndi polishi zichoke, mpaka m'mipata ya mphira mmene chala sichilowa. Khomo la shedi amatseka ngakhale thukuta likhale kamukamu, chifukwa kamchenga kamodzi kakatsalira pansi kadzaonekera mpaka tsiku lomatula. Kenaka awiri amagwira pulasitiki m'makona n'kumuyala mopepuka. Guluu wake sagwira mpaka atakanikizidwa, ndipo ali ndi tinjira tating'onoting'ono totulutsira mpweya kuti pasatsale thovu. Amasisita ndi kathabwa ka pulasitiki kokutidwa nsalu m'mphepete, kuchokera pakati kupita kunja. Popindika amatenthetsa pang'ono n'kukoka, koma akakoka mopitirira, mtundu umasuluka pomwepo ndipo malowo sachedwa kumatuka. Pomaliza amabwerezanso kutenthetsa malo onse okokedwa mpaka madigiri 90 kapena kuposerapo, akuyeza ndi kachipangizo kolozera, kuti pulasitiki akhazikike. Mmisiri wodumpha gawo limeneli ntchito yake imakongola potuluka pageti, n'kuyamba kutukuka m'makona mwezi usanathe.

Atamaliza anatuluka kukaona Hilux yathu. Maso sanawagwiritse ntchito kwenikweni. Anayendetsa chikhatho pa chitseko cha kumanzere, kenaka n'kugogoda ndi chala.

"Bwana, apa panagundidwapo. Anamata phala n'kupenta pamwamba. Ndikaika wanga pano, tsiku lodzamuchotsa adzanyamuka ndi penti yemwe."

Anagwada n'kutisonyezanso dzimbiri m'munsi mwa bodi, pamene matope a dzinja amakhala osauma. Pulasitiki woonda chotere sabisa kanthu. Popindika pamaoneka, pokalika pamaoneka, ndipo dzimbiri limapitiriza kudya chitsulo pansi pake, chinyezi chitatsekeredwa. Mwambi wa mlongo wanga sunagwere pake: wofuna kubisa nyerere amapita kwa wopenta, amene ali ndi phala ndi sandipepa. Vinilu amafuna galimoto imene ili kale bwino.

Apa ndi pamene ndinayamba kudzifunsa kuti chinthuchi anachipangira yani. Mbiri yake imakafika ku Germany. Kuyambira mu 1971 lamulo la kumeneko linkafuna kuti matakisi onse akhale a mtundu umodzi, woyera moderako, wa mnyanga wa njovu, umene pa mndandanda wawo wa mitundu amaulemba RAL 1015. Mwini takisi akafuna kugulitsa Mercedes yake itatopa, ogula ankamutsitsa mtengo, poti aliyense ankaonera patali kuti inali takisi. M'zaka za m'ma 1990 anapeza njira. Gula galimoto yakuda kapena yasiliva, uimate pulasitiki wa mtundu wa lamulo, igwire ntchito zaka zingapo, kenaka umatule, penti wa ku fakitale atuluke wosakhudzidwa ndi dzuwa ngakhale timiyala. Kuchokera pachiyambi, nzeru ya vinilu inali yosungira galimoto munthu wodzaigula m'tsogolo.

Nzeru imeneyo ife tikuidziwa bwino. Pitani pa misika ya m'malire, ku Lizulu kapena ku Biriwiri, mukaone mota za Lifo ndi zinzake. Pulasitiki wa ku fakitale akadali pa chishalo ndi pa thanki, nthawi zina ndi makatoni omwe, omangidwa ndi mphira pa zitsulo za kutsogolo. Mwini wake amakhalira pulasitiki woterera ndi wotentha miyezi ndi miyezi, osaona n'komwe kufiira kwa thanki imene analipira. Amatero podziwa kuti chaka cha njala, kapena fodya akagwa mtengo, motayo ndiyo idzayambe kugulitsidwa, ndipo wogula adzayang'ana thanki.

Koma galimoto ya ku Chidzolomondo ilibe wogula wa m'tsogolo wotero. Ife ndife otsiriza pa mzere. Inachoka ku Japan poti kumeneko kusunga galimoto yakale kumadula, ndi mayeso a boma otchedwa shaken amene galimoto ya munthu wamba imakumana nawo ikakwana zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse. Inadzera pa doko la Durban, Beira kapena Dar es Salaam, mwina inatumikirako wina m'tauni, ndiye yakwera phiri kudzafera kuno. Ikadzagulitsidwanso, wogula adzakwawira pansi kukaona chasisi ndi masipuling'i, adzamvetsera injini m'mawa isanatenthe, ndipo mukamuuza za penti adzaseka. Ikadzatheratu, ekiselo ndi matayala zidzapita ku ngolo, masipuling'i kwa wosula nkhwangwa. Pentiyo tikumusungira ndani?

Ndiye pali dzuwa ndi msewu. Opanga vinilu amalonjeza zaka 5 mpaka 7, koma lonjezo limenelo ndi la nyengo ya ku Ulaya, ndiponso la m'mbali mwa galimoto. M'mapepala awo omwe zakazo amazidula kwa maiko otentha, n'kuzidulanso pa boneti ndi pa denga, pamene dzuwa la paliwombo limagwera. Kuno kumtunda kumazizira, Juni ndi Julayi timagona ndi majuzi, koma galimoto ya malonda imatsikira ku chigwa cha Zambezi mlungu ndi mlungu, ndipo ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Wakuda wosawala amene mnyamatayu ankamufuna ndiye amamwa kutentha kuposa onse. Msewu nawo uli ndi zake: nthambi za m'tinjira ta kuminda, timiyala touluka kuchokera ku matayala a lole, chingwe chomangira katundu chimene chimakhula malo amodzi ulendo wonse, njinga yokwezedwa mothamanga, nyanga ya mbuzi. Penti akakalika amangotsala ndi chipsera, basi. Pulasitiki akang'ambika, madzi ndi fumbi lofiira zimalowa pansi, m'mphepete n'kuyamba kufutukuka, ndipo ana a pa msika sangaone kansonga ka pulasitiki kali lende osakakoka. Katsukidwe kathu nako n'kotani? Kumtsinje, ndi sopo waufa ndi chiguduli chimene chagwapo pamchenga. Vinilu wosawala akakwechedwa choncho amachita mawanga owala amene sachoka, ndipo polishi sungamupake.

Boma nalo lili ndi mawu. Mtundu wa galimoto unalembedwa mu livirete, chikalata chimene anzathu a ku Malawi amati blue book, ndipo wapolisi wa pamsewu akaimitsa galimoto yakuda pamene pepala likuti yoyera, zoti yoyerayo ikadali pansi sadzazimva. Kusintha mtundu kumafuna kukalembetsa ku INATRO, bungwe limene linalowa m'malo mwa INATTER mu 2021, ndipo kwa munthu wa ku Macanga umenewo ndi ulendo wa ku Tete ndi masiku osagulitsa mbatata. Wodzamatula adzayendanso ulendo womwewo. Lamuloli ine ndimagwirizana nalo. Tili pakati pa Malawi ndi Zambia, zipata za Calomue, Zobue ndi Cassacatiza zili mbali zonse, osawerengera njira zachidule, ndipo chinthu chotha kusandutsa galimoto m'masiku awiri n'kuibwezanso mwakale sichofunika kuchisiya chopanda kalembera.

Zonsezi ndinamuyalira mnyamatayu pobwerera, titangowoloka mlatho wa Samora Machel. Ndinawonjezerapo za makasitomala ake, kuti anthu anaizolowera yoyera ndipo akaidetsa adzamuleka adutse. Anayendetsa kanthawi osayankha.

"Amalume, anthu aja pa misika iwiri yokha adzakhala ataizolowera. Koma ine chibadwire sindinasankhepo mtundu wa chinthu chilichonse. Malaya ndi a pa kaunjika, foni ndi imene inalipo, galimoto ndi iyi. Ndikufuna ikamabwera anthu aziona kuti pali wina anaganizapo."

Mfundo zanga zonse zinali za ndalama ndi za kukhalitsa, ndipo zinali zoona. Yake inali ya kwina, ndipo ndinasowa poigwira. Ife amene tinabwerako kothawa nkhondo ndi mphika ndi bulangete tinaphunzira kuyamika chilichonse chogwira ntchito, mpaka kufuna zokongola tinayamba kukuyesa mwano. Koma agogo athu sanali otero. Ankatema mphini, ankatunga mikanda, ankalemba mizere pa mbiya imene ikanasunga madzi chimodzimodzi popanda mizereyo. Mpaka lero mwini ngolo wa ku Angonia amaipenta n'kuilemba mawu kumbuyo, ng'ombe osawerenga. Mnyamatayu akufuna zomwezo, kungoti iye anazionera pa foni.

Chimene ndikanakonda n'chakuti chilakolako chimenechi chizidyetsa amisiri a kwathu. Bate-chapa wa ku Furancungo kapena wa ku Ulongue, wopenta pansi pa mtengo ndi kompuresa yake, ntchito yake sisalala ngati ya ku fakitale, fumbi limagweramo, koma amawongola chitsulo, amapala dzimbiri, ndipo pakakalika umabwerera kwa iye n'kudzathira ndi kachitini. Pa ndalama ya vinilu, gawo lalikulu limapita kwa amene anapanga mpukutu kutsidya kwa nyanja. Komabe sindinganamize munthu. Kwa wa ku Tete amene ali ndi galimoto yatsopano, yoyenda pa tala ndi kugona mu shedi, penti wa pansi pa mtengo angamuonongere chuma, ndipo vinilu wabwino ndiye nzeru.

Mnyamatayo sanaimate yonse. Mtengo umene mmisiri anatchula wa vinilu wodalirika unali wokwana matayala anayi atsopano n'kutsalako, ndipo mvula inali pafupi. Anapita kaye kwa bate-chapa kukadulitsa dzimbiri la m'munsi n'kuwotcherera chitsulo china. Kenaka anatsikiranso ku Tete, ine ndili pambali pake, n'kumatitsa lamba wobiriwira kuyambira pa magetsi a kutsogolo mpaka kumbuyo, ndi boneti yakuda yosawala, poti mtima wake unali pamenepo ndipo penti wa pa bonetipo anali wa ku fakitale. Pa chitseko cha kumanzere mmisiri anamata atamuuza pamaso panga kuti mlandu wake ndi wa mwini galimoto. Mbali yaikulu inakhalabe yoyera, monga mmene livirete ikunenera.

Mmisiri sanalole kuti tinyamuke asananene za kumatula. Vinilu akachotsedwa nthawi yake isanapitirire amasendeka m'zidutswa zikuluzikulu, ndi kutenthetsa pang'ono chabe. Akasiyidwa mpaka atapsa ndi dzuwa amauma, amachita ming'alu, n'kumachoka tizidutswa ting'onoting'ono guluu atatsalira, ndipo ntchito ya tsiku limodzi imatha mlungu, mtengo wake n'kuyandikira wa kumata komwe. Anati boneti ndiyo idzayambe, ndipo tidzaizindikira ikayamba kuderako cha ku bulauni ndi kukhakhala poigwira. Zosendedwazo anatichenjeza kuti tisakaziponye pa moto wa zinyalala kapena kuyatsira mbaula, chifukwa PVC ikamapsa imatulutsa utsi wa asidi woononga mapapo. Kenaka anatenga cholembera chosafufutika, natsegula chitseko cha dalaivala, n'kulemba m'kati mwake mwezi ndi chaka choti galimotoyo ibwerenso, pafupi ndi pamene amalemba makilomita osinthira oyilo.